Thumba Lomwe Ndinasokera Helimeti

Zikomo awailesi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala cha ku Kandeu.

Amuna anga ankachita kabaza wa njinga yamoto. Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Joni anawatumizira helimeti yofiira, yonyezimira. Patangotha sabata ndinaona itakalika pambali, ndipo ndinawakalipira. Ndinati, "Abambo, alamu anu akabwera pa Khirisimasi adzati chiyani? Adzati ndinakwatiwa ndi munthu wosasamala!"

Ndinadula jinzi yakale n'kusoka thumba lomanga ndi chingwe, ndi kathumba kena pambali koikamo makiyi ndi foni. Iwo, poti anali mkamwini wosafuna kunenedwa, anayamba kuvala helimetiyo pokhapokha akamapita kuboma komwe kuli apolisi. M'misewu yafumbi yakwathu kuno inkangolendewera kumbuyo, ili m'thumba muja. Ine ndinkaona ndithu, n'kumanyadira kuti ndinasoka chinthu chothandiza.

Tsiku lina masana akutsetsereka ndi matumba a mbatatesi, mbuzi inadumphira mumsewu. Anagwa n'kumenyetsa mutu pamwala. Anatsirizika tisanafike nawo kuchipatala.

Achimwene anabwera Khirisimasi isanakwane, kudzaika maliro. Atamasula thumba lija anapeza helimeti ikunyezimirabe, pokalika pali pamodzi pomwe paja ndinakalipira. Anandiyang'ana, kenaka anati, "Achemwali, inetu ndinagulira mutu wa alamu."

Amayi anzanga, mukaona helimeti ya amuna anu itakalikakalika, muzithokoza Mulungu. Yathu ili pakhoma mpaka lero, idakali yatsopano.