Makina Oyezera Mpweya Ali M'kabati

Bungwe lina la kunja linaika makina oyezera mpweya padenga la sukulu, moyang'anizana ndi chumuni cha fakitale ya simenti chomwe chimatsokomoletsa ana chaka chonse. Patatha miyezi itatu kunabwera kalata yoyamikira: mpweya wa pano ndi woyera koposa m'chigawo chonse, choncho afakitale aloledwa kumanga chumuni chachiwiri, pokhapokha wina atatsutsa pofika Lachisanu.

Mphunzitsi wa sayansi anakwera padenga, napeza mabawuti okhaokha. Anatsika, nalunjika kwa mlonda wa pasukulupo.

"Bambo, makina aja ali kuti?"

"Ali bwinobwino, aphunzitsi."

Mlonda anatsegula kabati ya mu ofesi. Makinawo anali phee, atafunditsidwa thawulo. Iye anafotokoza monyadira kuti alendo a bungwe lija anamuuza awasamale ngati mwana wake, ndipo tsiku loyamba lomwe anawapeza atada bii. Mwana wako ungamusiye pa utsi wotere?

"Koma ntchito yake ndi yomweyo, bambo. Kununkhiza utsi."

"Amanunkhiza Lamlungu, fakitale ikatseka. Ndimawatulutsako apitidwe mphepo."

Mphunzitsi anagwira m'mutu. Anamuuza kuti manambala a makinawo afika mpaka ku msonkhano wa mayiko wokambirana za nyengo, akuluakulu akaombera m'manja, pomwe m'kalasi mwake ana khumi ndi awiri akupuma ngati mvukuto.

"Ana mazana asanu amasewera pa utsi womwewo. Iwowo simuwabisa bwanji?"

"Aa, ana sindinasainire, aphunzitsi. Makinawa ndinasainira."

"Abwezereni padenga pompano."

"Lachisanu ndi mawa. Tsiku limodzi anunkhiza zingati?"

Mphunzitsi anamutcha wowononga tsogolo la ana. Mawuwo anamuwawa mlonda. Anati iye sachita zinthu mwachisawawa, chilichonse amalemba. Anasolola buku m'thumba la jekete, nanyowetsa chala.

"Lachiwiri, seveni koloko, utsi wakuda, geti silikuoneka, makina asatuluke. Lachitatu, chimodzimodzi, ana atatu abwerera kwawo ndi chifuwa."

Mphunzitsi anasuzumira m'bukumo. Miyezi itatu yathunthu: deti, nthawi, siginecha. Mawu ake anafewa ngati a munthu wodzapempha mchere.

"Bambo wanga, umboni ndi umenewu. Ndibwerekeni bukuli ndithamange nalo kwa alendo aja."

Mlonda analitseka, nalipukuta ndi mkono wa jekete.

"Ndinawaonetsa kale, aphunzitsi. Anati zolemba pamanja sawerenga, iwo amakhulupirira makina."