Ankandibisira Odwala Nditabwera Kuchokera ku Joni

Abale ndi alongo mwa Khristu, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ine ndine mayi a Tadala, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Mphunzi kuno ku Dedza. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo pagulu ndimachita manyazi kwambiri, choncho kulemba kwandipepukira kusiyana ndi kuimirira kutsogolo. Ndikufuna ndikuuzeni za vuto limene ndinakumana nalo nditabwerera kwathu. Silinali la matenda kapena la njala. Abale anga enieni ankandilemekeza ngati mlendo, mpaka ntchito imene Mulungu anandipatsa inatsala pang'ono kufera m'manja mwanga.

Ku Joni ndinatsatira amuna anga. Iwo ankasamalira maluwa, ine ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba ya eni. M'nyumbamo munali mayi wokalamba amene sankatha kudzuka, ndipo ndine ndinkamusambitsa, kumudyetsa phala ndi kumutembenuza kuti asatuluke zilonda. Tadala anabadwira komweko. Moyo wa kumeneko utatilemera tinabwerera kuno kudzalima mbatata ya kachewere ndi kabichi kudimba la makolo.

Sipanapite nthawi, kumphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'mudzi mwathu, kunafunika munthu wotsogolera amayi oyendera odwala, chifukwa amene ankagwira ntchitoyi anali atasamukira kwa ana awo kuboma. Bambo Jere, mtsogoleri wa mphakati, anandiloza n'kunena kuti, "Mayi a Tadala aona zambiri kunja, atithandize." Anthu anawomba m'manja, amayi anaimba nthungululu. Ine ndinangoyang'ana pansi ndikupotokola ngodya ya chitenje. Mumtima ndinakondwa, chifukwa kusamala wodwala ndi chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa bwino.

Mwachizolowezi, bambo Jere ankalengeza kumphakati khomo limene tikayendere sabata imeneyo. Kale zimenezi sizinkavuta. Koma tsopano anthu ankamva kuti kukubwera mayi wa ku Joni, woti wakhalapo m'nyumba za magetsi ndi madzi otentha. Tikafika tinkapeza pabwalo posesedwa bwino, mpando wobwereka kwa aneba atauyala nsalu yoyera. Amayi anzanga ankakhala pamphasa, ine ankandikhazika pampandopo. Ndikati ndikane, mawu anga ankatuluka aang'ono, eni nyumba n'kumaseka kuti, "Ayi khalani, fumbi la kuno munaliiwala." Wodwalayo ankamutulutsa panja atamuveka zovala za kutchalitchi, mphepo ya m'phiri ikuwomba, iye akunjenjemera koma akuyesetsa kumwetulira. Ine ndinkafuna kuona pamene amagona, kuchapa zofunda, kumutenthetsera madzi. Ndikayang'ana kukhomo ankanditchinga mwaulemu: "Muli utsi m'menemo, mungadetse zovala." Tinkapemphera, ndinkamwa tiyi amene wodwalayo akanamwa, n'kubwerera.

Chimene chinandiswa mtima ndi cha mayi Nagama, amasiye amene ankadwala chifuwa. Atamva kuti tikubwera kwawo, anadzuka pamphasa n'kuyamba kuzira m'nyumba ndi pakhonde, manja m'dothi lozizira, mwezi wa Juni. Ankati mlendo asapeze pansi pali pokumbika. Tsiku lotsatira chifuwa chinakula mpaka anawatengera kuchipatala kuboma. Palibe anandikalipira, koma kuyambira pamenepo mabanja anayamba kundibisira odwala awo. Tikaodira ankatuluka n'kunena kuti, "Akupezako bwino, apita kudimba," chonsecho ine ndikumva munthu akutsokomola m'katimo. Amayi anzanga anatopa ndi kuyenda pachabe, mmodzimmodzi anayamba kusiya. Ena ankati ine ndimangokhala chete chifukwa ndimadzimva. Sankadziwa kuti ndi manyazi chabe.

Ndinalira masiku ambiri, abale. M'mudzi munali anthu ogona pa zofunda zonyowa, opanda wowatungira madzi, ndipo chitseko chinkatsekeka chifukwa cha dzina langa. Ndinauza bambo a Tadala kuti mwina tingobwerera ku Joni. Iwo anati, "Kumene unkalira kuti ukufuna kwanu kuja? Kwanu ndi kuno, limba." Lamulungu lina mapemphero atatha ndinatsalira m'tchalitchi, Tadala akugona kumsana. Ndinagwada n'kunena kuti, Ambuye, manja awa munawaphunzitsa nokha kudziko la eni, nanga bwanji sakuthandiza anthu akwathu? Ngati ntchitoyi si yanga ichotseni, koma odwala aja musawasiye okha. Ndinatuluka nditatsimikiza kuti pa msonkhano wotsatira ndikatula pansi udindowu.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene sindinkamuganizira. M'mudzi mwathu muli mayi Namaseko, amene amagulitsa mbatata kumsewu waukulu. Ndi mayi wa pakamwa, mawu awo amamveka kutsidya kwa dambo, ndipo kutchalitchi ankaoneka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka basi. Ine ndinkawaopa, ndikawaona ndinkasintha njira. Sindinadziwe kuti anagwa pa kabaza ndi thumba la mbatata n'kuthyoka mwendo.

M'mawa wina ndinkachokera kotola nkhuni, mtolo pamutu, mwana kumsana, chitenje chakale chong'ambika m'mphepete. Ndikudutsa kuseri kwa nyumba yawo ndinamva mawu akuti, "Inu a ku Joni! Kodi odwala anu mumachita kusankha? Ine mwendo uli m'chikhakha, kapena mukudikira ndigule kaye sofa?"

Ndinaima. Ndinati, "Pepani mayi, sindinamve. Ndibwera mawa ndi anzanga."

"Mawa? Mimba yangayi imadziwa za mawa? Tulani nkhunizo apa. Ndowa ili kuseriko, mjigo mukuudziwa."

Ndinatula mtolowo. Ndinatunga madzi, ndinasonkha moto, ndinawaphikira phala. Ana awo anali kumsewu ndi malonda, ndiye anali atakhala masiku osasamba bwino. Ndinakulunga chikhakhacho ndi pepala la pulasitiki kuti chisanyowe, ndinawatsamiritsa pakhoma, n'kuwasambitsa pang'onopang'ono monga ndinkachitira ku Joni kuja. Zofunda ndinachapa n'kuyanika pa mpanda. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, manja anga anagwira ntchito yake.

Mayi Namaseko anandiyang'ana. Kenako anati, "Kani mumatha kusambitsa munthu chonchi? Nanga mumakhaliranji pampando ngati abwana ochokera kuboma?"

Misozi inangotuluka yokha. Ndinawafotokozera zonse, za mpando, za tiyi, za mayi Nagama, ndi zoti ndikufuna kusiya. Anaseka mpaka anagwira mwendo wopwetekawo.

"Iwe mwana," anatero, atasiya zondipatsa ulemu zija, "vuto ndi a Jere ndi zolengeza zawozo. Munthu wa kuno akamva kuti kukubwera mlendo, ngakhale akufa adzuka asese. Uzingofika ngati lero, nkhuni pamutu, ulowere kukhitchini. Wosenza nkhuni timathamangira kumutula, ndani angakumbukire zobwereka mpando?"

Ndinati ndilibe mphamvu yokauza bambo Jere zimenezo. Mayi Namaseko anati, "Pakamwa ndili napo ine, iwe sunga manjawo." Anawaitanitsa tsiku lomwelo, ndipo bambo Jere, munthu wofatsa, anamvetsa n'kusiya kulengeza makomo. Mayi Namaseko sanathere pomwepo. Aliyense wodutsa pakhonde pawo ankamuimitsa n'kumuonetsa zofunda zili pa mpanda, n'kumati, "Wachapa ndi wa ku Joni uja. Inu pitirizani kubisa odwala anuwo, ine ndikunona kuno."

Mayi Nagama atatuluka m'chipatala ndinapita ndekha, osatumiza uthenga. Ndinatula nkhuni kukhitchini n'kulowa. Atandiona anafuna kudzuka, maso ali uku ndi uku kuyang'ana pamene sipanasesedwe. Ndinagwada pambali pawo n'kunena kuti, "Gonani amayi, sikunabwere mlendo, ndine mwana wanu." Anandigwira dzanja, anagonanso. Ndinawatenthetsera madzi, ndipo tinapemphera limodzi ali gone m'bulangeti mwawo.

Pang'ono ndi pang'ono makomo anayamba kutseguka. Amayi amene anasiya aja anabwerera, ndipo tsopano aliyense amanyamula chimene angathe, wina nkhuni, wina ndowa, wina khasu lokapalira kudimba kwa wodwalayo. Ndawaonetsa mmene timatembenuzira munthu wosadzuka, iwonso andiphunzitsa zambiri zimene ndinaiwala. Mayi Namaseko atachira anayamba kuyenda nafe. Ndi amene amayambitsa pemphero ndi nyimbo, chifukwa ine mpaka lero mawu anga samveka patali. Amati sanalowe gulu, akungondiperekeza kuti agalu asandilume, koma Lamulungu lililonse ali pa benchi ya kumbuyo.

Masiku apitawa kunabwera bambo wina pakhomo pathu, chipewa chili m'manja. Anayankhula motsitsa mawu kuti amayi ake sakuthanso kudzithandiza okha, m'nyumba simukukhalika, ndipo iye ndi mwana wamwamuna, sangawagwire. Anati, "Sitinakonze kanthu mayi, mukapeza mmene zililimo." Ndinabereka Tadala n'kutenga sopo, ndipo m'njira monse mtima wanga unkaimba, chifukwa munthu anali atandikhulupirira ndi chinthu chimene amabisira dziko lonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wamanyazi, n'kuliyankha kudzera pakamwa pamene ine ndinkathawa. Ndikuthokozanso bambo a Tadala, bambo Jere ndi amayi onse a mphakati wathu. Inu amene mwabwerera kwanu koma mukudziona ngati alendo, ndi inu amene mwapatsidwa ntchito ya mumpingo n'kumaona ngati yakukulirani, musafulumire kuitula. Pempherani, ndipo wina akakuitanani panjira, ngakhale mwaukali, imani mumve. Ambuye akudalitseni nonse, ndipo odwala athu muziwakumbukira m'mapemphero anu.