Mkuzi umene ndinadula

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri chija, inu anamwino a mawa, anatitumiza ife ana a sukulu kukaphunzira ntchito pa kachipatala kena kumtunda kwa Neno. Ine ndinapita ndi yunifolomu yoyera ndi mutu wodzaza mabuku, ndipo ndinkayenda ngati chipatalacho ndinamanga ndine. Inu lero mumatamira foni; ife tinkatamira sizasi yam'thumba.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wa kumapiri, Nambewe, ndi khanda lodwala chibayo. A sisitala, amene ankatiyang'anira, analemba jakisoni wa masiku asanu, n'kundiuza kuti ndibaye woyamba. Povula mwanayo ndinapeza mkuzi m'chiuno, uli ndi kachithumwa kakuda bii. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, eti? Ndinadula, n'kutaya m'ndowa ya zinyalala, ndipo pamwamba pake ndinawonjezera ulaliki.

"Mayi, dziko lasintha. Zachikunjazi zinapita ndi chipani chimodzi."

Nambewe anangoti, "Zikomo, anesi," n'kubereka mwana wake. Ine ndinkati ndaphunzitsa munthu.

Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso zii. A sisitala atamva zimene ndinachita sanakalipe, anangondipatsa mankhwala m'kachikwama.

"Pitani, aphunzitsi. Mukamalize phunziro lanu."

Ndinakwera phiri la kwawo kwa Nambewe maola atatu, nsapato zoyera zili m'manja, ndipo ndinapeza mwana akupuma mobanika pamphasa. Ndinagwada, ine wa mabuku. Agogo a mwanayo, mayi ake a Nambewe, ndiwo anandiyankhula.

"Mwana wanga, chingwe chija n'chimene chinatiuza kuti mwana akuwonda, chitayamba kukhwepa, ndiye tinabwera naye kwanuko. Mukanapempha, tikanamasula tokha. Koma wodula chingwe osafunsa, mawa adula chiyani?"

Anavomera kuti ndibaye, anavomeranso kuti titsike naye, koma masiku awiri aja anali atapita. Mwana uja anatsirizikira m'njira, kumsana kwa mayi ake, ine ndili pambuyo ndi kachikwama kanga. Mpaka lero zimandiwawa.

Mayeso ndinakhoza bwino kwambiri chaka chimenecho, musadandaule.

Tsono inu, pitani nazo nzeru zanuzo ku wodi, n'zabwino ndithu. Koma safunsa anadya phula. Musanakhudze kanthu pathupi pa mwana wa mwini, yambani mwafunsa mayi ake kuti n'ka chiyani, ndipo dikirani ayankhe.