Pempho Limodzi la Malemu Anselmo Ixcot

Mayi Eulalia ndi banja lonse, anzathu a zisudzo, atolankhani, ndi nonse amene mwabwera kudzaperekeza, ndibwerekeni makutu pang'ono. Ine ndine Hortensia Tzoc, wosoka zovala m'gulu la zisudzo la Farol. Banja landilola kuwerenga mbiri ya malemu pano pachipata cha manda, bokosi lisanayende chigawo chomaliza.

Malemu Anselmo Ixcot Barrios anabadwa m'chaka cha 1961 kuno ku Quetzaltenango, m'nyumba yomwe mayi awo akukhalamo mpaka lero. Anali achiwiri mwa ana atatu a bambo Cipriano Ixcot, osoka nsapato, amene anatsogola kale, ndi mayi Eulalia Barrios, amene analera anawa ndi malonda a zakudya kumsika. Malemuwa sanasiye chuma choti anthu n'kulimbirana. Anasiya pempho limodzi lokha, ndipo analinena pamaso pa ambiri a ife: kuti tsiku lowanyamula, phewa limodzi pansi pa bokosi lawo lidzakhale la a Nery Coyoy. Kuchokera kutchalitchi kufika pano bokosili lasinthana mapewa ambiri, koma la a Nery silinalikhudze.

Sukulu anayambira konkuno. Anali mwana wosamva kukwapulidwa pa nkhani yotsanzira anthu. Aphunzitsi ankawalanga chifukwa chotengera kayendedwe ndi katsokomoledwe kawo, koma ikafika Khirisimasi aphunzitsi omwewo ankawasankha kuti akhale Herode m'sewero, poti panalibe wina wodziwa kuopseza ngati iwo. M'chaka cha 1980 anapita kulikulu kukaphunzira utolankhani kuyunivesite. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo achikulire muli pano simufuna kukumbutsidwa. Anzawo awiri a m'gulu la zisudzo la payunivesitepo anatengedwa pamalo okwerera basi dzuwa likuswa mtengo, ndipo makolo awo anamwalira alibe manda oti n'kuikapo maluwa. A Anselmo anabwerera kuno ataonda, maphunziro osamaliza, ndipo panapita nthawi asanakwerenso pansanja.

Pa nkhani ya ukwati, mabuku a boma alibe chonena, koma ine ndili nacho. Malemuwa anali m'bungwe la onyamula chifanizo cha Ambuye Yesu kuyambira ali achinyamata, monga analili bambo awo. Mukudziwa kuti Sabata Yoyera isanafike, akuluakulu a bungwe amayeza kutalika kwa phewa la aliyense, kuti oyenda pamodzi pansi pa thabwa lolemera lonyamulira chifanizocho akhale ofanana, wina asalemedwe yekha. M'chaka cha 1991 muyezo wa a Anselmo unafanana ndendende ndi wa munthu wina wophika buledi, wosalankhulalankhula, dzina lake Nery Coyoy. Anawaika wina kutsogolo wina kumbuyo pa mdipiti wa chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo sanasiyanenso. Anakhala limodzi pamwamba pa nyumba yophikira buledi zaka zoposa makumi atatu. Munthu akawanena, malemuwa ankaseka n'kumati, "Ifetu anatilumikiza ndi akuluakulu a mpingo omwe, ndi chingwe chawo choyezera. Amene zikumuwawa akakalipire chingwecho." Ana sanakhale nawo, koma ana a abale awo onse anakulira buledi wotsekemera wa m'nyumba imeneyo, ndipo ena mwa iwo ndikuwaona pano.

Ntchito anagwira ziwiri, ndipo zonse sizinawalemeretse. Anayambitsa gulu lathu la Farol nkhondo itangotha. Tinkachita masewero m'misika, m'mabwalo a sukulu, nthawi zina pamwamba pa lole. Sewero lathu loyamba lonena za mnyamata wothamangitsidwa kwawo chifukwa chokonda mwamuna mnzake linathera pakati, anthu atayamba kutigenda ndi tomato. Ine ndinalira chifukwa cha zovala zanga zimene ndinasoka mwezi wathunthu. A Anselmo anandiuza kuti, "Hortensia, siya kulira, tola abwinoabwinowo. Ndiwo za madzulo zapezeka." Mawa lake tinabwerera kumsika womwewo.

Monga mtolankhani, ankalemba m'nyuzipepala yaing'ono ya mumzinda uno nkhani zimene anzawo ankazilambalala: za amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, ndi ena otere, amene ankamenyedwa, kuchotsedwa ntchito, kapena kupezeka ataphedwa m'mphepete mwa msewu. Apolisi akati mtembo wasowa mwini, a Anselmo ankapita kukauona, kufufuza dzina lake, ndi kukagogoda kwa abale. Abale akakana, ankaitana ife. Gulu la zisudzo linasanduka adzukulu. Tanyamula mabokosi a anthu amene sitinawaonepo ali moyo kudutsa pachipata chino, malemuwa ali kutsogolo, a Nery ali kumbuyo kwawo. Ankaopsezedwa pafoni, mawindo awo anaswedwa kangapo, ndipo milandu yambiri imene ankailondola inafera m'madirowa. Komabe ankatolanso cholembera.

Anali Mkatolika weniweni, ndipo izi ndikunena kuti amene ankakayika amve. M'chaka cha 2004 analemba nkhani m'nyuzipepala yonena poyera chimene mzinda wonse unkadziwa kale, kuti iwo ndi a Nery ndi banja. Bungwe la onyamula linawachotsa onse awiri, n'kuwauza kuti asadzavalenso mkanjo wapepo wa bungwelo. Chimene chinali chololedwa m'manong'onong'o chinakhala mlandu chitalembedwa. Mayi Eulalia chinawapweteka kwambiri, poti amuna awo anaikidwa m'manda atavala mkanjo umenewo. Malemuwa sanasiye Misa. Ankakhala pabenchi lomaliza, ndipo Sabata Yoyera ikafika ankaima m'mbali mwa msewu ngati mlendo, chifanizo chikamadutsa n'kuvula chipewa.

Anayamba kudwala impso m'chaka cha 2021. Miyendo itafooka, a Nery ankawabereka kumsana kutsika nawo masitepe popita kukatsuka magazi kuchipatala, n'kuwaberekanso pobwera, iwonso ali munthu wamkulu wa mawondo ovuta. Ankawasambitsa, kuwameta, kuwaphikira zakudya zopanda mchere zimene odwalawo ankazinyoza tsiku ndi tsiku. Matenda atakula mwezi wathawu, anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mmene amalowetsa achibale okha. A Nery anafunsidwa kuti ndi ndani wawo, ndipo yankho limene anali nalo silinali lovomerezeka. Anadikira pakhonde. A Anselmo anatisiya Lachiwiri lapitali ali ndi zaka 63, ndipo a Nery anamva uthengawo kwa munthu wokolopa.

Thupi linapita kwa achimwene awo aakulu, a Baudilio, monga lamulo linenera. Ife tinatsatira ndi pempho la malemu. Apa ndiyenera kunena mwachilungamo, pakuti a Baudilio si munthu woipa. Iwo anali atapita kale kwa akuluakulu a bungwe kukachonderera kuti mng'ono wawo avekedwe mkanjo wapepo ndi kunyamulidwa ndi a m'bungwe, monga anachitira ndi bambo awo. Akuluakuluwo anavomera, koma anati a Nery asayandikire bokosi. A Baudilio anandiuza kuti, "Mayi Hortensia, amayi adikira zaka makumi awiri kuti aone mwana wawo atavalanso mkanjowu. Mukufuna ndiwalande zimenezi pa ukalamba wawo? Inuyo kawauzeni." Ndinapitadi. Ndinawapeza mayi Eulalia akusita mkanjowo, ndipo ndinabwerera osawauza. Tinafunsa loya, anati mtembo ndi wa achibale a magazi. Tinafunsa wansembe, anati za bungwe salowererapo. Munthu amene ananyamula okanidwa a mumzinda uno, ife anzake talephera kumupezera phewa limodzi limene anapempha. Zikundiwawa, ndipo sindikudziwa woti ndimukalipire.

Malemu Anselmo Ixcot Barrios asiya mayi awo, mayi Eulalia Barrios. Asiya achimwene awo, a Baudilio, ndi akazi awo a Floridalma. Asiya mlongo wawo, mayi Amparo, amene ali kunja ndipo sanathe kufika. Asiya ana a abale awo asanu ndi awiri, ndi zidzukulu za m'banjamo. Asiya ife a gulu la Farol ndi anzawo a kunyuzipepala.

Banja linapempha kuti ndithere pamenepa. Mundikhululukire, ndiwonjezera dzina limodzi, poti pakamwa pokha ndi pamene ndatsala ndi mphamvu. Asiyanso amuna awo, a Nery Coyoy, amene aima kutsidya kwa msewu uko, pafupi ndi ogulitsa maluwa.

M'mawa uno ndinapita kukawauza kuti talephera. Ndinkaganiza kuti akwiya, kapena atiuza kuti tilande bokosi pamsewu, ndipo anyamata a m'gulu lathu anali okonzeka. Iwo anati, "Ayi, Hortensia, musakanganirane pamtembo, amayi aja avutika mokwanira. Ungowauza onyamulawo kuti potsika masitepe a kumanda ayende pang'onopang'ono, asamamugwedeze. Mbali ya kumanzere ndi imene imamupweteka."

Abambo a bungwe, mwamva. Uthenga ndafikitsa, mungathe kunyamula.

A Anselmo, tinayesa. Apumule mu mtendere umene ife sitinathe kuwapatsa.