Apongozi Anawotcha Chithunzi cha Agogo Anga

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Chongwe. Denga la amayi kwa Nkomeshya litayamba kudontha, posamutsa katundu tinatsegula sutikesi yakale ya malemu agogo aamuna. Munali mapepala owalola kuika makina a juga oponyamo ndalama za ngwee m'mabala a ku Lusaka, komanso chithunzi chawo atatsamira makinawo, akuseka. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo.

Ndinapita nazo kunyumba kwanga mokondwa, ndipo ndinapeza apongozi anga akuwotcha chimanga pa mbaula. Nditawaonetsa, anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Kansi ndimwe mdzukulu wa uyu?" anatero. "Atate anga anali kusiliza malipiro yonse pa makina aya, ise tigona na njala. Nifuna muone mwamene kawalala apsela."

Anaika chithunzicho pamakala, mapepala pamwamba. Nditati ndichotse, anandigwira dzanja mpaka zonse zinasanduka phulusa. Amuna anga ankangoyang'ana pa foni.

Kuyambira pamenepo ana anga akapempha ya maswiti, apongozi amati, "Magazi ya kawalala." Dzulo mwana wanga wamng'ono anakana ndalama yomwe ndinamupatsa, akuti sakufuna kukhala wakuba. Ndinakalirira kuseri kwa nyumba kuti asandione.