Babu la M'nyale ya Bambo

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1951, achitatu m'banja la ana asanu. Ndisanapitirire, abusa, akuluakulu, abale ndi anansi nonse, mundilole ndinene kuti mbiriyi amayenera kuwerenga ndi bambo aang'ono. Ndawapempha m'mawa uno kuti ndiwerenge ndekha, ine mwana wachisamba wa malemu, chifukwa pepala limene tinalemba dzana ndinachotsamo zinthu, ndipo ndikufuna ndizibwezeremo ndi pakamwa panga.

Anayamba sukulu mu 1958 ndipo anamaliza sekondale mu 1969. Masamu ankawavuta, koma pa zojambula aphunzitsi ankawapatsa choko kuti ajambulire anzawo pabolodi. Mu 1971 analowa ntchito pa kampani yosindikiza mabuku. Anayamba ndi kusesa zidutswa za mapepala, kenako anakhala osakaniza inki mpaka pamene anapuma mu 2011. Anzawo akuntchito amene muli pano mukukumbukira kuti sankavomereza mtundu uliwonse asanatuluke ndi pepalalo panja kukaliona padzuwa.

Pa 14 Ogasiti 1976 anamanga banja ndi mayi athu, amene panthawiyo anali aphunzitsi, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Apa pepala lathu likuti malemu ankakonda kuwerenga ndi kusamalira maluwa. Ndinalemba ndine, ndipo ndi bodza. Maluwa ankasamalira ndi mayi.

Zoona ndi izi. Mu 1988 munthu wina anabwera kudzasindikizitsa kabuku ka malamulo a masewera a nkhondo za patebulo, ndipo anawasiyira bokosi la tiasilikali ta mtovu, tating'ono ngati chala chaching'ono. Pamasewerawa, anthu awiri amandandalika tiasilikali patebulo, kuponya madayisi, n'kumayeza ndi tepi kuti gulu lililonse liyende pati. Koma tiasilikalito timabwera totuwa, ndiye pamafunika wotipenta. Kuyambira chaka chimenecho, Loweruka lililonse malemu ankanyamula bokosi lawo kupita kuholo kumene ankakumana ndi anzawo. Apamsewu pathu anawapatsa dzina lakuti a Jenerali, ndipo ena amene munkawaitana choncho mwakhala pamipando yakutsogolo lero.

Ine ndinakula ndi manyazi. Anzanga kusukulu ankandifunsa ngati bambo amandibwerekako zidole zawo. Nditakula, alendo akabwera, ndinkathamangira kukatseka chitseko cha kachipinda kawo ngati muli chonunkha.

Kachipindako n'kosungiramo katundu, ndipo zenera lake layang'anizana ndi khoma la aneba, moti ngakhale masana mumakhala mdima. N'chifukwa chake patebulo pawo panali nyale ya mkono wopindika, yokhala ndi chivindikiro chachitsulo ndi galasi lokulitsa zinthu. M'kati mwake munali babu loyera, lowala ngati dzuwa la masana. Ankati babu lachikasu ndi mboni yonama, limauza munthu kuti choyera n'chachikasu. Kamsilikali ankakamata pachivindikiro cha botolo kuti asakagwire ndi zala. Ankayamba ndi penti wakuda thupi lonse, kenako mitundu ina, yothira madzi mpaka kupyapyala, kawiri kapena katatu, chifukwa penti wokhuthala amakwirira mabatani. Pentiyo ankamuika papepala loyala pasiponji yonyowa m'kambale kuti asaume. Anali ndi burashi yakutha yongopukutira m'mphepete mwa zovala kuti ziwale, ndi ina ya tsitsi lowerengeka yopentera maso, imene ankainola ndi milomo. Mayi ankawakalipira kuti tsiku lina adzameza gulu lonse la nkhondo. Lamulo la m'nyumba linali limodzi: tebulo limenelo asalikhudze munthu.

Mu Juni 2021 malemu anagonekedwa m'chipatala milungu iwiri chifukwa cha shuga. Kumeneko adokotala anawapezanso ndi ng'ala yongoyamba kumene, ndipo anawachenjeza kuti ikadzakula zinthu zidzayamba kuoneka zachikasu.

Iwo ali kuchipatalako, apongozi anga anati abwera kudzaona mayi. Tsiku lomwelo babu la pabalaza linapsa. Ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinachotsa babu loyera m'nyale ya bambo, n'kukaliika pabalaza kuti alendo aone nyumba yowala. M'nyalemo ndinaikamo babu lakale lachikasu limene ndinalipeza m'dirowa. Ndinati ndibwezera mawa. Sindinabwezere.

Atatuluka m'chipatala anabwerera patebulo pawo. Anali ndi gulu la tiasilikali makumi asanu limene ankakonzera mpikisano wa mu Sepitembala. Atayatsa nyale n'kuyang'ana pagalasi, zonse zinali zachikasu. Sanaganizire babu, popeza limabisika m'chivindikiro, komanso kwa zaka zoposa makumi atatu palibe anaphwanyapo lamulo lawo. Anaganizira mawu a adokotala. Choncho anayamba kuthira penti wabuluu pang'ono mu mtundu uliwonse kuti athane ndi chikasu chimene ankati chili m'maso mwawo.

Anamaliza khumi ndi tiwiri n'kupita nato kuholo, kumene kuli mazenera aakulu. Atatsegula bokosi, malamba oyera anali abuluu, ndipo nkhope zonse zinali zotuwa ngati za odwala. A telala, mnzawo wa zaka zambiri amene akhala apowo, andiuza kuti palibe anaseka. Malemu anayang'ana nthawi yaitali, anatseka bokosi, n'kunena kuti maso awo ayamba kuwanamiza pa zinthu zapafupi.

Tsiku limenelo ndinali kunyumba. Anandipeza pabalaza, pansi pa babu lawo lomwe, ndipo anati: "Mwanawe, maso apita. Zidole zija zimakuchititsa manyazi zija zatha, upume tsopano."

Ndinazindikira nthawi yomweyo chimene chachitika. Ndikanangoloza kudenga. Koma mumtima mwanga ndinakondwera, ndipo ndikunena zimenezi pamaso pa bokosi la maliro awoli. Ndinaganiza kuti basi, anthu asiya kutiseka. Ndinawayankha kuti ukalamba ndi wotero, ndipo ndinawathirira tiyi.

Anatsuka maburashi awo, anawakulunga m'kansalu, n'kukapereka kwa a telala. Kuholo anasiya kupitako, chifukwa ankati msilikali wopanda maso amangotchinga anzake. Ankakhala pakhonde tsiku lonse manja ali pamaondo. Mwezi woyamba ndinkati ndinena sabata yamawa. Chitatha chaka, ndinayamba kuopa funso lakuti unali kuti nthawi yonseyi. Akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Anga anapha zaka zitatu za bambo anga.

Mu Malichi chaka chino shuga uja anawononga impso, ndipo anagonekedwanso. Adokotala a maso atawayeza, anadabwa n'kunena kuti ng'ala ija sinakule kwenikweni, maso awo ndi abwino kuposa a anthu ambiri a msinkhu wawo. Malemu anaseka, n'kunena kuti adokotalawo ndi aulemu, akungowasangalatsa. Ine ndinali pambali pa bedi, koma za babu lija ndinabisabe. Anatisiya Lachiwiri, pa 23 Epulo 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 72. Anapita akukhulupirira kuti maso awo anawalakwira.

Mayi ndawauza dzulo masana. Sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndikanene pagulu, popeza pagulu ndi pamene ndinkawachitira manyazi amuna awo.

Malemu asiya mayi athu, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi ndi mlongo wawo mmodzi. Asiyanso pashelefu tiasilikali makumi atatu ndi tisanu ndi titatu, takuda, topanda nkhope.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi mpingo, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anzawo a kosindikiza mabuku, ndi aneba amene mwakhala nafe kuyambira Lachiwiri. Mwapadera ndikuthokoza anzawo akuholo, amene ndinali nditawauza kuti akhale kumbuyo ndipo asabweretse zidole pamaliro. Ndalakwa. Chonde bwerani kutsogolo, bokosi la malemuli munyamule ndinu. A telala, maburashi aja muwatulutse m'kansalu. Ngati mungalole, tiasilikali totsalato mudzatimalizire patebulo pawo, ine ndizidzakutsegulirani chitseko.

Bambo, babu lanu ndalibwezera m'nyale m'mawa uno. Ndayatsa, ndipo likuwalabe bwinobwino. Maso anu analibe mlandu.

Mzimu wanu uuse mumtendere.