Uta wa Msinkhu wa Fundo

Pa depoti ya basi ku Kasungu, bambo wina atanyamula chikwama anaima pamene mkulu wina amagulitsa mauta ndi malegeni.

"Achimwene, ndikufuna uta wa mwana wanga Fundo."

"Uta timayeza ndi msinkhu, kuchokera pansi kufika pachibwano. Mwanayo ndi wamtali bwanji?"

"Amandilekeza m'chiuno muno. Ayi, dikirani... kapena pachifuwa."

"M'chiuno ndi pachifuwa, amenewotu ndi ana awiri. Ali ndi zaka zingati?"

"Zinayi. Ayi, zinayizo n'zomwe ndinamusiya nazo pobwera ku esiteti. Ndalima fodya zaka zitatu osapondako kumudzi."

"Ndiye kuti zisanu ndi ziwiri. Angakoke chingwe cholimba ngati ichi?"

"Kaya. Mayi ake pafoni amangoti ali bwino."

"Utawo anapempha yekha?"

"Eya, tsiku lomwe ndinkanyamuka. Analira mpaka kumsewu."

"Bwanji mudzabwere naye ndidzamuyeze?"

"Kwathu n'ku Mulanje, achimwene. Basi yanga ndi iyo ikulirayo."

"Nanga ndikupatseni uti, waukuluwu kapena waung'onowu?"

"Ndipatseni waung'onowo. Mwana amene ndikumudziwa ine ndi ameneyo."